Lupanga Limene Adokotala Anaphonya

A Nanba Shigeo ankameta anthu m'kanyumba ka pamsewu wopita kumlatho wa mtsinje wa Yoshii. Munali mipando iwiri, koma wachiwiriwo unkangosunga nyuzipepala ndi mphaka. Anali munthu wamfupi, wouma thupi, wa dzanja losanjenjemera, ndipo aliyense amene anaperekapo khosi lake ku lumo lawo angavomereze kuti ntchito ankaidziwa. Chovuta chinali chakuti iwo sankafuna kutamandidwa ndi za tsitsi. Ukati, "Mwandimeta bwino," ankangoti "Mm," n'kukuntha nsalu. Koma ukangolakwitsa n'kutchula lupanga, tsiku lako latha. Unkatuluka m'menemo dzuwa litapendeka, makutu atadzaza mayina a amisiri amene mafupa awo anasanduka dothi kalekale.

Kwathu kuno matenda amenewo si achilendo. Dera lino la Bizen ndi limene linkasulira dziko lonse malupanga, ndipo mpaka lero mwamuna amene sangathe kunenapo kanthu pa za chitsulo amangokhala duu pamowa, n'kumathirira anzake. Koma a Nanba anapyola muyezo, ndipo chinawayambitsa ndi lupanga la bambo awo.

Bambo awowo anali mlimi wa mapichesi, munthu wopanda kanthu kupatula lupanga limodzi lalitali la makolo. Nkhondo itatha, asilikali achilendo atalamula kuti malupanga onse aperekedwe, mkuluyo anakulunga lake m'nsanza zamafuta n'kulisomeka mu udzu wa denga. Mphepo ija itadutsa analitsitsa, n'kuitana mwana wake Shigeo, amene anali atangoyamba kuphunzira kumeta. Anagogoda kamsomali kansungwi, chigwiriro chinavuka, ndipo panatulukira mchira wa lupanga, chitsulo chakuda ndi dzimbiri chimene chimabisala m'chigwiriromo. Pamchira ndi pamene wosula amatema dzina lake.

"Werenga apa, iwe."

"Sadakage wa ku Osafune."

"Ndiye ameneyo. Anthu atiseke kuti ndife amphawi, koma m'nyumba muno mumagona Sadakage, wosula wa akuluakulu wa konkuno ku Bizen. Dzimbirili usadzalipale, ndi limene limanena zaka zake. Ukadzapala, wapala banja lonse."

Mnyamatayo anawameza mawu amenewo osatafuna. Kuyambira pamenepo, tsiku lililonse lopuma ankakwera njinga kupita ku akachisi ndi kunyumba za anthu osunga malupanga, n'kumapempha kuti adinde michira yake papepala lopyapyala. Anaphunzira mmene wosula aliyense ankagwirira tchizulo, pamene ankayambira chilembo, pamene ankapumira. Pofika nthawi imene Shigeo anasanduka a Nanba, mwini malo ometera komanso mwamuna wa a Sumie, m'chigawo chonse munalibe wowaposa pa kuwerenga mayina a pamchira.

Nzeru yomweyo ndi imene inawaluma. M'mawa wina, bambo awo atatsikira kale kulichete, anaika dzina la pa lupanga la kwawo pambali pa mayina enieni a Sadakage amene anadinda kwina. Sanafunike kuyang'ana kawiri. Tchizulo ya Sadakage inkayenda ngati munthu wopita kwawo, pamene iyi inkaimaima kufunsa njira. Wina wake, kalekale, anatema dzina lalikulu pa lupanga losakhala la mwini dzinalo kuti ligulidwe msanga. A Nanba anabweza chigwiriro, analowetsa lupangalo m'chimake, n'kuliponya kuseri kwa zofunda m'kabati. Sanauze munthu, ngakhale a Sumie. Mafuta ankalipaka ndithu nyengo ikasintha, koma ankalipaka akuyang'ana kumbali, ngati munthu wopereka chakudya kwa m'bale amene sayankhulana naye. Kwa iwo chinali chitsulo chabodza basi, ndipo sanavutikenso kufunsa kuti nanga analisula ndani.

Chitonthozo chawo chinali gulu la Lamlungu. Kamodzi pamwezi, amuna okonda malupanga ankasonkhana masana m'chipinda chapamwamba cha kachisi, n'kutseka makatani, n'kuyatsa nyali imodzi yokha. A Akagi, amene kale anali mkulu wa siteshoni ya sitima, ankayala malupanga asanu pansalu, onse ali ndi zigwiriro kuti dzina lisaoneke. Munthu unkagwada, kuweramira lupanga, kuluma kapepala kuti mpweya wa m'kamwa usafike pachitsulo, n'kulinyamula kuloza kunyali. Unkayang'ana mapindikidwe ake, khungu la chitsulo, ndi mzere woyera uja umene moto ndi madzi zimasiya m'mbali mwa kuthwa kwake. Ukatero unkalemba dzina la wosula n'kukapereka kwa a Akagi, amene anali ataona kale michira yonse. Iwo sankachulutsa mawu: "Mwalasa," kapena "Mwayandikira," kapena "Mwaphonya." Mwayi unali katatu. Pomaliza ankavula zigwiriro, ndipo mchira uliwonse unkadutsa m'manja mwa a Nanba kuti atsimikize dzinalo.

Pa kulasa nakonso a Nanba anali patsogolo, ngakhale ankalasa movutikira, kachiwiri kapena kachitatu, thukuta lili kamukamu. Ankati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo panalibe wotsutsa. Zinali bwino choncho mpaka pamene m'tauni munabwera dokotala wa mano.

Dzina lake linali Kishimoto Teruo, wochokera ku Kobe, wamtali, wonenepa masaya, woseka ndi thupi lonse. Anali ndi galimoto, nyumba yatsopano, mkazi woimba piyano, ndipo kumsonkhano anabwera chifukwa wodwala wina anamukokera kuti adzangoonerera. Tsiku loyamba anagwira lupanga ngati ambulera, a Nanba mpaka anatseka maso. Koma chaka chisanathe adokotala anayamba kulasa. Chaka chachiwiri ankalasa koyamba, lupanga ndi lupanga, osatuluka thukuta. Mabuku sankawerenga. Ankanyamula chitsulo, kuchipendeketsa pang'ono, kumwetulira kuseri kwa kapepala kawo, n'kulemba.

"Mumaona chiyani, adokotala?" anafunsa wina pa tiyi.

"Kaya, achimwene. Chitsulo chili ngati dzino. Ukaliyang'ana limanena lokha kuti mwini wake amadya chiyani."

Onse anaseka, ndipo mwini sitolo ya mpunga, munthu wopanda chotsekera pakamwa, anatembenukira kwa wometa. "Akuluakulu ananena, mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Lanu lija labuntha, a Nanba, kanoleni!"

A Nanba anaseka nawo, poti akanatani. Nsanje inalowa tsiku limenelo n'kuyala mphasa. Tisawanamizire kuti inali nsanje ya galimoto kapena ya piyano. Zimenezo akanamusiyira mwini wake ndi mtima woyera. Chinkawapweteka n'chakuti iwo analipira ndi unyamata wawo wonse, mvula ndi dzuwa zikuwathera panjinga, pamene mnzawoyu maso anangobadwa nawo, osadziwa n'komwe mtengo wake.

Zikanakhala bwino adokotala akanakhala onyada, munthu ukanapeza poluma. Koma ayi. Ankabwera kudzametedwa ndevu Loweruka lililonse, atanyamula bokosi la makeke a nyemba, n'kumawatchula a Nanba kuti aphunzitsi.

"Aphunzitsi, chilembo chija cha pa lupanga lachitatu, mwati tchizulo inayambira kumanzere? Inu ndiye buku lathu, ife enafe timangolota."

Akatuluka, a Nanba ankanola lumo pachikopa mpaka chikopa kulira.

"Inu abambo," anatero a Sumie tsiku lina, akusesa tsitsi, "munthuyu anakulakwirani chiyani? Wakulandani mkazi?"

"Akanatenga iwe bola, ndikanamuperekeza ndi makeke ake omwewo."

"Ndiye muzidya makekewo, osamangowayang'ana ngati muli mankhwala a makoswe. Mukuuma ndi mtima, anthu ayamba kunena kuti sindikuphikirani."

Chimene ankafuna a Nanba chinali chaching'ono, ndipo ankachidziwa bwino lomwe. Sankafuna kuti adokotala adwale kapena asamuke. Ankangofuna kamodzi kokha, pamaso pa gulu lonse, amve a Akagi akuwauza adokotala "Mwaphonya" katatu mondondozana. Kamodzi basi, kenaka imfa ibwere ikafuna.

Mpata unabwera wokha. Chaka china, nyengo yokolola mpunga, munthu amene ankabwereketsa malupanga ku gululo anakangana ndi a Akagi, ndipo pansalu panasowa lachisanu. A Akagi anabwera kudzametedwa timvi tawo tochepato n'kuyamba kudandaula.

"A Nanba, ife achikulire tikukumbuka kuti kwanu kumagona Sadakage. Bambo anu ankalengeza pamowa paliponse. Mudzalowa naye m'manda osationetsa?"

Kale lonse a Nanba ankakana, akuti cha makolo sachionetsa pagulu. Ulendo uno sizasi inaima m'mwamba. Anaona nkhani yonse nthawi imodzi, yoyalidwa bwinobwino. Woweruza amayankha motsata dzina la pamchira. Adokotala sawerenga dzina, amawerenga chitsulo, ndipo chitsulocho si cha Sadakage. A Akagi maso anali atayamba kuchita nkhungu, ndipo wotsimikiza mayina m'gulumo anali mmodzi yekha.

"Ndibweretsa," anatero, sizasi n'kuyambanso kulira.

Lamlungu lija anafika msanga n'kupereka lupangalo mobisa, poti lamulo la gululo n'lakuti mwini lupanga asadziwike mpaka pomaliza. Malupanga anayi oyamba adokotala anawalasa monga mwa masiku onse. Lachisanu linali la a Nanba. Amene analisula anatsanzira maonekedwe akale a ku Bizen, choncho angapo analemba mayina a kuno kwathu n'kumva "Mwayandikira." A Nanba nawonso anagwada, analinyamula kuti anthu asadabwe, osaliona n'komwe, n'kukapereka kapepala kopanda kanthu.

Kenaka anagwada adokotala. Anawerama, analuma kapepala, analoza lupangalo kunyali, koma kumwetulira kuja sikunabwere. Anakhala nalo nthawi yaitali kuposa mmene ulemu umalolera, mpaka amene anali pambuyo anayamba kutsokomola. A Nanba, ali pakona, anaona kuti maso a munthuyo alengeza misozi. Adokotala analemba, anapereka.

"Mwaphonya," anatero a Akagi.

Adokotala anabwerera, anayang'ananso kuyambira kuchigwiriro mpaka kunsonga, n'kulembanso.

"Mwaphonya. Komanso, adokotala, mwalemba dzina lomwe lija."

"Ndikudziwa, bambo."

"Mwatsala ndi mwayi umodzi. Musausewere."

Kachitatu sanabwererenso kukayang'ana. Analemba pomwepo, ndipo a Akagi atawerenga anavula magalasi n'kupukusa mutu.

"Motoharu wa ku Hizen, kachitatu! Mwaphonya. Kodi lero mwadya chiyani, adokotala?"

"Ndiye nditani, dzanja likukana kulemba lina."

Anagogoda kamsomali, chigwiriro chinavuka, ndipo a Akagi anawerenga mokweza: Sadakage wa ku Osafune. Anthu anati "Haa!" Hizen ndi kutali, kuchilumba cha kumwera, ndipo Motoharu anabadwa patapita mibadwo yambiri Sadakage atafa. Uku sikunali kuphonya wamba, kunali kuponya muvi chakumbuyo. A Akagi anaulula mwini lupanga, n'kupereka mchirawo kwa a Nanba mwa mwambo, akuseka.

"Lero wotsimikiza ndi mwini yemwe. Nanga dzinali ndi loona, a Nanba?"

"Ndi loona," anatero a Nanba, mawu osagwedera ngakhale pang'ono.

Adokotala anapempha kuona mchirawo. Za mayina sankazidziwa kwenikweni. Anauyang'ana, anayang'ana a Nanba, kenaka anaika manja pamphasa n'kuwerama mpaka chipumi kugunda pansi.

"Ndaphonya, aphunzitsi. Ndikadali mwana."

Tisabise, a Nanba anamva kukoma. Pamowa wa mpunga umene unatsatira, mwini sitolo uja anawamenya pamsana n'kunena kuti lumo lakale ndiye lumo. Anabwerera kunyumba akuyenda pakati pa msewu, anadya mbale ziwiri za mpunga, anayamikira ndi nsomba yomwe, a Sumie mpaka anawagwira pachipumi kuti aone ngati akutentha thupi.

Kukoma kwake kunatha m'mawa. Asanatsegule chitseko cha kometera, funso lina linayamba kuwakanda: kodi munthu uja misozi inali ya chiyani? Anatulutsa lupangalo, anatseka katani, anayatsa nyali, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirireni bambo awo anayang'ana chitsulo m'malo mwa mchira.

Khungu lake linali losalala, la timadontho ting'onoting'ono ngati madeya a mpunga, looneka lonyowa pamene lili louma. Mzere woyera uja unkawala mofewa kuyambira pansi mpaka kunsonga. Malupanga a Motoharu anagwirapo angapo pa moyo wawo, ndipo ili linali la dzanja lomwelo, koma loposa onsewo. Silinali chitsulo chabodza. Linali lupanga labwino kuposa lililonse limene analinyamulapo, longovekedwa dzina la munthu wina, ndipo linagona kuseri kwa zofunda zawo zaka zonsezi.

Apa ndiye nsanje inafika pafupa. Lupanga la bambo awo, la m'nyumba mwawo, limene analipaka mafuta ndi manja awo, linakhala chete kwa iwo moyo wonse, koma mlendo wa ku Kobe linamuuza zonse madzi a tiyi asanawire. Anafuna kulira, anafuna kukaliponya mumtsinje, koma anangokhala pamenepo akuliyang'ana, poti linali lokongola.

Mankhwala ake ankawadziwa, monga aliyense wa za malupanga. Dzina labodza amapita nalo kwa mmisiri, amalifafaniza ndi kanyundo mosamala, kenaka lupanga amalitumiza kwa akatswiri ku Tokyo kuti alipatse wosula wake weniweni. Zikanatero, lupanga la a Nanba likanatchuka m'chigawo chonse. Koma zikanatero, tauni yonse ikanadziwa kuti adokotala analasa katatu, ndiponso kuti wometa ananama atagwada m'kachisi. Kunja wina anagogoda kufuna kumetedwa. A Nanba anabweza lupangalo m'chimake n'kukatsegula.

Kuyambira pamenepo chinakhala chizolowezi. M'mawa uliwonse, madzi ometera asanatenthe, a Nanba ankagwada kuchipinda ndi nyali yawo.

"Kale simunkalikhudza n'komwe," anatero a Sumie, ataima pakhomo ndi tsache. "Lero mwasanduka wansembe wake? Mwapambana, dziko lonse lamva, ndiye nkhope yakugwani chifukwa chiyani?"

"Iwe Sumie, kasese kubwaloko. Pafupi ndi chitsulo sayankhulirapo."

"Ee, ndapita. Mundiuze likayamba kukuphikirani."

Nkhani ya tsiku limene adokotala anaphonya inakhala chuma cha tauni. Koma taonani tsoka la munthu wansanje: woikamba bwino kuposa onse anali adokotala eniake. Ankaikamba pamaukwati, ankaikamba kwa odwala kukamwa kuli yasa, akutsanzira mawu a woweruza uja ndi nkhope yawo yomwe yodabwa, anthu n'kumafa ndi phwete. Mapeto ake anthu anawakonda kuposa kale, ati munthu wamkulu wodziwa kudziseka. A Nanba m'nkhanimo ankangotchulidwa chakumapeto, ngati mwini mwala umene munthu wotchuka anapunthwapo.

Chinasintha n'chimodzi, ndipo anachiona ndi a Nanba okha. Adokotala anapitiriza kulasa, koma akakumana ndi chitsulo cha ku Hizen dzanja linkazengereza. Dzina la Motoharu sanalilembenso. Chaka china pansalu panabwera Motoharu weniweni, wa dzina loona. Adokotala analiyang'ana lupangalo, anapukuta magalasi, n'kulemba dzina la ku Bizen. A Nanba, amene tsopano ankaliona dzanja la Motoharu tsiku ndi tsiku pa lupanga lawo, analasa koyamba. Anthu anaomba m'manja, koma usiku umenewo iwo anadya mbale imodzi, osaimaliza.

"Aphunzitsi," ankatero adokotala nthawi ndi nthawi, thovu lili kumaso, "lija lanu lija, simungandionetsenso? Ndione pamene ndinasokera."

"Nyengo ino ndi yachinyezi, sililola kutuluka."

Ikafika nyengo youma, lupanga linali kwa wonola. Likachoka kwa wonola, chimake chinali chitang'ambika. Adokotala ankaseka n'kunena kuti aphunzitsi ndi aumbombo kuposa mwamuna wa mkazi wokongola, ndipo Loweruka lotsatira ankabweranso ndi makeke.

A Akagi anamwalira. Gulu linachepa, achinyamata anapita kumizinda. A Nanba tsitsi linayera, koma dzanja linakhalabe lomwe lija. Adokotala ndi amene anagwa msanga: matenda a shuga anawadya maso, anasiyira mwana wawo ntchito ya mano, ndipo kumsonkhano anasiya kubwera, poti wakhungu sapatsidwa lupanga. Kumeta kokha sanasiye. Mpongozi wawo ankawafikitsa pakhomo, a Nanba n'kuwagwira pachigongono mpaka pampando.

Loweruka lina masana, kunja kukuwaza kamvula, a Nanba anawafunditsa nsalu yotentha kumaso, anaichotsa, n'kupaka thovu. Adokotala anali ataonda, masaya aja atagwa, ndipo tsiku limenelo sanabwere ndi nthabwala.

"Aphunzitsi, mwana wanga akuti mwezi wamawa andipititse kuchipatala chachikulu cha mumzinda. Inu ndi ine ndife akulu, tikudziwa kuti munthu ngati ine sabwerako kumeneko."

"Musatero, adokotala. Mubwerako. Ndevu zanuzi zimandidziwa ine ndekha."

"Iyayi, tamverani. Ndakhala ndikuseketsa anthu ndi nkhani ija, koma ine mwini wake sinandiseketsepo. Pa malupanga onse amene ndinagwira, ndi lija lokha limene ndinalidziwa ndi mtima wonse, ndiye lomwelo n'kukhala lophonya. Chiyambire tsiku lija sindinawakhulupirirenso maso angawa, mpaka atha. Tili awiri muno. Ndiuzeni, a Nanba. Ndinaphonyadi?"

Kanali koyamba kuwatchula dzina m'malo mwa aphunzitsi. A Nanba anaima ndi lumo m'manja, akudziona pagalasi, nkhalamba yaing'ono kuseri kwa nkhalamba yakhungu. Gulu linali litatha, a Akagi anali m'manda, mwini sitolo ya mpunga uja anali atayamba kuiwala ndi ana ake omwe. Panalibenso woti awaseke. Chifundo chinawagwira ndithu, ndipo mawu anakwera mpaka palilime. Anatsegula pakamwa.

Koma adokotala anali asanamalize. Anamwetulira m'thovumo, maso akufa aja ali kudenga.

"Chifukwa ine ndimalionabe, mukudziwa? Nkhope ya mkazi wanga yayamba kundithawa, koma lija ndimaliona lonse. Madeya ake aja. Ndi paja pafupi ndi nsonga, mbali ya kumanzere, pamene mzere umagawikana pawiri kenaka n'kukumananso, ngati madzi akamazungulira mwala. Mukupadziwa paja. Ha, odala ndinu, mumapaona tsiku lililonse."

A Nanba sankapadziwa. Analiyang'ana lupanga limenelo m'mawa uliwonse kwa zaka zonsezi, pansi pa nyali, mbali zonse ziwiri, ndipo malo amenewo sanawaonepo. Munthu uyu analigwira masana amodzi okha. Mawu aja anatsika okha kuchoka palilime n'kubwerera kumene anachokera, ndipo m'chifuwa munadzazanso nsanje, yowawa, yosakalamba ngakhale pang'ono.

Anagwira chipumi cha adokotala ndi zala ziwiri, n'kupendeketsa mutuwo mofatsa.

"Munaphonya, adokotala," anatero. "Tukulani chibwano."